Kukweza galimoto ya ulendo wakumudzi: masentimita 5 akwana

Chaka chikamapita kumapeto, Amalawi okhala ku Joni amayamba kuwerenga masiku a ulendo wakumudzi. Ambiri amakakwera basi, koma m'nyumba zosanja za ku Berea, Hillbrow ndi Yeoville muli ena omwe zinthu zawayendera mpaka kugula Toyota Fortuner, Prado yakale, Pajero Sport kapena Isuzu MU-X, ndipo amenewa nyengo imeneyi sasowa kumagalaja. Pempho limene amakaniko alizolowera ndi lakuti galimoto ikwezedwe kuti ilandire matayala akuluakulu. Pali anthu amene amaseka zimenezi kuti ndi matama chabe a munthu wofuna kukaoneka pamudzi, ndipo pali enanso amene amakhulupirira kuti galimoto ikatalika kwambiri ndiye kuti yalimbanso kwambiri. Onsewa akuphonya. Kukweza galimoto pang'ono n'komveka, ndipo kuli ndi phindu lenileni kwa munthu amene kwawo ndi ku Makanjira kapena ku Euthini, koma phindulo limathera pa masentimita 5 ndiponso pa tayala loposa la ku fakitale ndi saizi imodzi yokha. Kupyola pamenepo, mwini galimoto amakhala akuwononga ndalama zambiri kuti akhale ndi galimoto yoopsa kuposa imene anagula.

Msewu ndiwo uyenera kulamula nkhani yonseyi. Wochoka ku Berea amalowa mu N1, n'kudutsa Polokwane ndi Musina mpaka pa chipata cha Beitbridge, kenako Masvingo ndi Harare, kutulukira pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700, pafupifupi onsewo a phula, ndipo mbali yaikulu imayendedwa pa liwiro la makilomita 100 kapena 120 pa ola. Povuta ndi pomalizira: makilomita 20 kapena 40 kuchoka pa phula kukafika pakhomo, mu Disembala mvula itayamba, pamsewu umene malole a feteleza akumba ngalande ziwiri n'kusiya chitunda pakati. Mantha a chigawo chimenechi si ongopeka. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo m'madera ambiri galimoto yotsika inalibe podutsa. Ngakhale mu Johannesburg momwemo maenje anafika poti mu 2021 makampani a inshuwalansi a Discovery Insure ndi Dialdirect anagwirizana ndi khonsolo ya mzindawu n'kuyambitsa gulu lokwirira maenje la Pothole Patrol. Choncho munthu wofuna galimoto yake italikirane ndi nthaka ali ndi zifukwa. Koma galimoto imene ikukonzedwera makilomita 30 a matope iyenera kuyamba yapulumuka makilomita 1,700 a phula, itadzaza anthu ndi katundu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera masamu.

Chinthu choyamba chimene mwini galimoto ayenera kuona ndi maso ake n'chosavuta. Agwade kumbuyo kwa Fortuner kapena Prado n'kusuzumira pansi. Aona chitsulo chopingasa chimene chalumikiza matayala awiri akumbuyo, ndipo pakati pake pali chotupa chobulungira, chimene amakaniko amati difu. Difuyo ndiyo imagunda chitunda chapakati pa msewu wokumbika, ndipo kutalika kwake kuchokera pansi sikudalira masipuling'i ngakhale pang'ono, chifukwa masipuling'iwo ali pamwamba pa chitsulocho ndipo amangokweza bodi. Mungakweze bodi ndi masentimita 10, difu idzakhala pamene inali. Chokweza difu ndi tayala basi, ndipo masamu ake ndi ochepetsa matama. Ma Fortuner ambiri amachoka ku fakitale ya Toyota ku Prospecton, ku Durban, ndi matayala a 265/65 R17, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 776. Saizi yotsatira, 265/70 R17, ndi pafupifupi mamilimita 803. Kusiyana kwake ndi mamilimita 27, koma popeza theka lokha la tayala ndilo lili pansi pa ekiselo, difu imangokwera ndi mamilimita 13. Tayala lalikulu la 285/70 R17, limene anyamata ambiri amalisirira, ndi pafupifupi mamilimita 831, ndipo limakweza difu ndi mamilimita 27 okha, osakwana n'komwe masentimita 3. Ndalama zonse zija, phokoso lonse lija, zimagula mpata wochepa chotere.

Nanga kukweza bodi n'kwa ntchito yanji? Kuli ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndiyo yofunika kwambiri kwa Mmalawi wa ku Joni. Yoyamba ndi yakuti bampala, mimba ya galimoto ndi thanki zimatalikirana ndi miyala, moti potsika m'khwawa kapena pokwera gombe la mtsinje galimoto sikhula pansi msanga. Yachiwiri ndi katundu. Galimoto ya ulendo wakumudzi simachoka ku Berea yopepuka. Mumakhala anthu asanu kapena asanu ndi awiri, masutikesi, mafuta ophikira, mabulangete, batire ya sola, mwina firiji pakaliyala wapamwamba, ndiponso maphukusi a anansi amene sungawakanire. Ma SUV a mtundu uwu amaloledwa kunyamula makilogalamu pafupifupi 600 kapena 700, kuwerengera anthu omwe, ndipo mulingo weniweni walembedwa pa kachitsulo ka pagalimotopo komanso m'buku lake. Masipuling'i a ku fakitale, makamaka a galimoto yoti yayenda kale makilomita ambiri, amagonja ndi katundu wotere, kumbuyo kumakhala pansi, mphuno kuloza kumwamba, ndipo nyali zimathobwa madalaivala obwera kutsogolo m'malo mowunikira msewu. Masipuling'i atsopano olimba, pamodzi ndi ma shock ogwirizana nawo, amakweza galimoto yopanda kanthu ndi masentimita 4 kapena 5, koma ikadzaza amangoibwezera pafupi ndi msinkhu umene inabadwa nawo. Kukweza kwa mtundu uwu ndiko ndikukuikira kumbuyo. Chokhacho, sipuling'i yolimba sikuwonjezera mulingo wa katundu umene galimoto imaloledwa kunyamula, chifukwa mabuleki, mabering'i ndi chasisi ndi zomwezija.

Malire a masentimita 5 sindinangowatola. Amachokera pa mapangidwe a kutsogolo kwa galimoto zimenezi. Kutsogolo kulibe chitsulo chopingasa ngati kumbuyo. Tayala lililonse limayenda palokha pa mikono iwiri yachitsulo, ndipo pa galimoto zokoka ndi matayala onse anayi mphamvu ya injini imafika kutayala kudzera pa shafuti yokhala ndi ma CV joint, amene amavekedwa timatumba ta labala tosunga girisi. Mukakweza kutsogolo, shafutiyo imapendekeka kwambiri, ma CV joint amagwira ntchito atapindika tsiku lonse, timatumba tija timang'ambika msanga, fumbi limalowa, ndipo posakhalitsa mumayamba kumva kuti ga ga ga pokhota. Komanso mpata umene tayala lili nawo woti litsikire pansi ndi wowerengeka, ndipo sentimita iliyonse imene mwakweza mwaichotsa pa mpata umenewo. Galimoto yokwezedwa mopyola imalephera kutsitsa tayala m'dzenje, imangolisiya m'malere, pomwe tayala losagunda pansi silikoka, silikhota ndipo siligwira buleki. Pa masentimita 4 kapena 5 zinthu zimenezi zimapirira ndipo alayimenti imathekabe. Kupyola apo pamafunika kusintha mikono yapamwamba ndi zida zina, ndipo mtengo umakwera kwambiri. Ku Australia, kumene kumachokera zida zodziwika monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4 zimene zimagulitsidwanso ku South Africa, zigawo zina monga Queensland zimalola munthu kukweza ndi mamilimita 50 pa masipuling'i ndi 25 pa matayala popanda chiphaso chapadera cha injiniya. Anthu amene amayenda m'zipululu zazikulu chomwecho sanasankhe nambala imeneyi mwamasewera.

Choopsa kwambiri ndi kugubuduzika. SUV imabadwa kale yaitali, ndipo kulemera kwake kuli pamwamba poyerekeza ndi galimoto yaing'ono. Mu 2016, magazini ya ku Sweden ya Teknikens Värld inayesa Toyota Hilux, imene chasisi chake n'chamtundu umodzi ndi cha Fortuner, pa mayeso ozemba mwadzidzidzi chinthu chotulukira pamsewu. Pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola, Hiluxyo inanyamula matayala awiri m'malere n'kutsala pang'ono kugubuduzika, ndipo kampani ya Toyota inachita kukonzanso zina pa galimotoyo. Iyo inali galimoto yatsopano, yosakwezedwa, ili m'manja mwa dalaivala wodziwa ntchito, pabwalo lopanda chopinga. Ndiye taganizani za galimoto yokwezedwa ndi masentimita 10, firiji ndi matumba zili padenga, dalaivala wakhala pachiwongolero maola ambiri atachedwanso pa Beitbridge, bulu kapena ng'ombe n'kutulukira usiku pakati pa Beitbridge ndi Masvingo. Kompyuta yoteteza kuti galimoto isaterereke inakonzedwa potengera msinkhu ndi matayala a ku fakitale, ndipo mukamatalikirana ndi zimenezo mumaichepetsera mphamvu yokupulumutsani. Sentimita iliyonse yokweza ndi ngongole imene imadzalipidwa pa tsiku lozemba mwadzidzidzi, ndiye munthu wanzeru amangotenga imene akuifunadi.

Tayala lalikulu nalo limabwera ndi zake. Paja walira mvula walira matope. Sipidomita imawerenga kuzungulira kwa tayala, choncho tayala likakula imanena liwiro lochepa kuposa lenileni. Pa 265/70 R17 kusiyanako ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo popeza masipidomita ambiri amachoka ku fakitale akuwerenga mopitirira pang'ono, vutolo silikula. Pa 285/70 R17 kusiyanako kumafika 7 peresenti, kutanthauza kuti pamene muvi unkaloza 120, tsopano galimoto ikuthamanga makilomita ena 8 owonjezera muvi uli pomwepo, ndipo wapolisi wa pamsewu wa ku Limpopo sadzamvera nkhani ya saizi ya matayala. Tayala lalikulu ndi lolemera, limafooketsa galimoto pokwera chitunda, limatalikitsa mtunda woimira mukaponda buleki, ndipo limamwa dizilo wambiri, chinthu chosafunika kuchipeputsa kwa munthu wopita kudziko kumene m'zaka zaposachedwa, monga 2022 ndi 2024, anthu agona pamizere ya mafuta. Palinso nkhani ya sipeya. Pa Fortuner sipeya imakhala pansi kumbuyo, ndipo malo ake ndi owerengeka. Ambiri amagula matayala anayi akuluakulu n'kusiya sipeya yakale yaing'ono, zomwe pa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, monga Prado, zimavutitsa difu. Tayala likaphulika ku Mangochi kapena ku Mzimba, saizi yofala pa ma Hilux a boma ndi a mabungwe imapezeka msanga, pomwe saizi yachilendo ingakudikiritseni masiku kuti ichokere ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Pali otsutsa amene amati galimoto isakhudzidwe konse, popeza mainjiniya amene anaipanga amadziwa kuposa makaniko wa m'mbali mwa Louis Botha Avenue. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo kwa munthu amene galimoto yake ikadali pa waranti kapena amene kwawo kuli phula mpaka pakhomo, ndiyo yolondola. Komabe mainjiniyawo anapanga galimoto yoti ikomere anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo ogula ambiri a Fortuner ku Gauteng amaiyendetsa yopepuka pakati pa nyumba, ofesi ndi sukulu ya ana. N'chifukwa chake imabwera ndi masipuling'i ofewa ndi matayala opangidwira phula, okhala ndi m'mbali mopyapyala momwe mwala wakuthwa umang'amba mosavuta. Munthu amene amaidzaza mpaka pamulingo wake n'kuilowetsa m'misewu ya fumbi ali ndi ufulu wosankha zida zogwirizana ndi ntchito imeneyo, malinga ngati sakuchoka patali ndi zimene fakitale inaika. Ndingowonjezera kuti kwa anthu ambiri phindu lalikulu limachokera pa mtundu wa tayala, osati kukula kwake. Tayala la all-terrain la saizi ya ku fakitale yomweyo, lokhala ndi m'mbali molimba, pamodzi ndi pampu yamagetsi yoti muziphwetsako mpweya mumchenga n'kupopanso pobwerera pa phula, zimadutsitsa galimoto malo ambiri kuposa masentimita 10 a bodi yokwezedwa pa matayala osalala.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ya thumba. Amati zida zathunthu ndi zodula, pomwe pali njira yachidule yoika ma spacer, timiphika tachitsulo kapena tapulasitiki tolowetsa pamwamba pa sipuling'i, pa mtengo wochepa kwambiri. N'zoona kuti galimoto imakweradi ndipo pachithunzi imaoneka chimodzimodzi. Koma spacer imangokankhira m'mwamba bodi pa sipuling'i yotopa yomweyo ndi shock yakale yomweyo, ndiye vuto lenileni, la katundu, silinakhudzidwe. Mwapeza kuipa konse kwa kukweza popanda ubwino wake waukulu. Choipanso n'chakuti ambiri amakhulupirira kuti kukweza kumathetsa kukhula kwa tayala lalikulu kubodi. Galimoto ikaima pagalaja zimaonekadi choncho, koma ikagwera m'dzenje itadzaza, chiwongolero chitakhotetsedwa, tayala limakwera mpaka pamene linkafika kale, ndipo ngati ndi lalikulu mopyola limakhula madigadi kapena chitsulo chogwira bodi. Apa ndi pamene amakaniko ena amatulutsa chopukusira n'kuyamba kudula zitsulo, zomwe ndi chizindikiro chakuti tayalalo silinali la galimoto imeneyo. Amene ndalama zamuchepera angachite bwino kugula matayala asanu abwino a saizi ya ku fakitale, masipuling'i adzagule chaka chamawa.

Wokhala ku Berea ali ndi chifukwa china chimene wa kumafamu a ku Limpopo alibe. Nyumba zambiri za m'derali zinamangidwa kalekale, monga Ponte ya nsanjika 54 imene inamalizidwa mu 1975, nthawi imene galimoto za m'tauni zinali zazifupi, ndipo malo oimikamo magalimoto pansi pa nyumba zotere amakhala ndi denga lotsika, mapaipi a madzi akulendewera. Fortuner ya masiku ano ndi yaitali mamita pafupifupi 1.84 isanakhudzidwe. Onjezani masentimita 5 a masipuling'i, sentimita imodzi ndi kanthu ya tayala, ndi kaliyala wapamwamba, mwafika kale pa mamita 2. Wokweza mopyola apeza kuti galimoto yake silowanso pachipata, ndipo iyamba kugona pamsewu, mumzinda umene Hilux ndi Fortuner zimatchulidwa kawirikawiri pakati pa galimoto zokondedwa ndi akuba. Nkhani ya inshuwalansi imalowera pomwepa. Makampani amafuna kuuzidwa za kusintha kulikonse kwa galimoto ndiponso za malo amene imagona usiku, ndipo kubisa zimenezi kumawapatsa poyambira kukana kulipira ngozi ikachitika. Wokanidwa angathe kukadandaula ku National Financial Ombud Scheme, imene inayamba ntchito mu 2024, koma mlandu wa munthu amene sanaulule umakhala wofooka. Lamulo la pamsewu la National Road Traffic Act la 1996 limapatsanso apolisi mphamvu yoletsa galimoto yosayenera kuyenda, ndipo pogulitsa galimoto imayenera kupimidwa kuti ipeze chiphaso chakuti ili bwino. Kukweza kwapang'ono kochitidwa mwaluso sikuvuta pa zonsezi; kovuta ndi kwa zitsulo zodulidwa ndi matayala otulukira kunja kwa madigadi.

Wina anganene kuti ndalama ndi zake, galimoto ndi yake, ndipo ngati akufuna kukalowa pamudzi ndi chimphona chimene ana adzachithamangire, palibe womuletsa. Sindikunyoza chilakolako chimenechi. Chinayamba kale, masiku a Wenela ndi TEBA, pamene agogo athu ankabwera kuchokera kumigodi ndi njinga, wailesi ndi bokosi lachitsulo, kuti anthu aone kuti zaka za ku Joni sizinapite pachabe ndipo asamutchule munthu kuti mtchona. Galimoto yalowa m'malo mwa njinga ija, ndipo palibe cholakwika kuti ikhale yokongola. Kusiyana kwake n'kwakuti njinga inkanyamula mwini wake yekha. Mu Fortuner ya Disembala mumakhala mkazi, ana, mlamu, ndi mnansi amene wasonkhako ndalama ya dizilo, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anafunsidwa ngati akuvomera kukwera galimoto yosavuta kugubuduzika. Pamsewu womwewo pali mabasi odzaza ndi Amalawi anzathu, ndipo pa M1 ya ku Malawi pali akabaza ndi ana oyenda m'mbali mwa phula, amene bampala yokwezedwa imawagunda pamwamba kuposa pamene inayenera kugunda.

Ntchitoyi ikafunikadi, nthawi yoichita ndi Okutobala kapena Novembala, osati sabata yonyamuka. Masipuling'i atsopano amakhazikika akayenda pang'ono, ndipo pambuyo pake alayimenti imafunika kuonedwanso, mabawuti kumangidwanso, nyali kutsitsidwa kuti ziloze msewu. Pogula, wogulitsa auzidwe katundu weniweni amene galimotoyo imanyamula, chifukwa sipuling'i yolimba mopyola imachititsa galimoto yopanda katundu kudumphadumpha m'misewu ya mumzinda miyezi yonse yotsalayo. Matayala akhale asanu ofanana, ndipo nambala ya kulemera kumene tayala limapirira, yolembedwa m'mbali mwake, isachepere ya ku fakitale. Kenako galimoto idzazidwe monga momwe idzakhalire pa tsiku la ulendo, ikhotetsedwe mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, ikwezedwe pachitunda ndi tayala limodzi, wina ali panja kumvetsera ngati pali pokhula, ndipo isanabwerere kunyumba iyezedwe ndi tepi kuchokera pansi mpaka pamwamba pa kaliyala, nambalayo n'kuifanizira ndi yolembedwa pachipata cha malo oimikamo galimoto.